Pakhomo Posasesa

Tukombo,
Nkhata Bay.
7 Seputembala, 1989.

Okondedwa achemwali Ester,

Ndayamba ndi moni kwa inu, alamu ndi ana onse kumeneko ku Chinamwali. Ngati mwadzuka bwino ndithokoza Mulungu. Kuno tilipo. Fanny wakula, ndipo Chitonga akuchilankhula kuposa ine mayi wake, moti ndikamupatsa chinthu amandiyankha kuti "yewu" ngati ndine mlendo wodzagula usipa.

Kalatayi sindinaiponye ku positi. Ndapatsira a Fletcher, aphunzitsi a pasukulu yathu ino, amene akupita ku Domasi kukachita kosi. Muiwerenge nokha, osati mokweza pakhonde monga mumachitira muja, ndipo mukamaliza muisonkhezere pamoto. Muli nkhani za asilikali, ndipo mukudziwa kuti masiku ano munthu sangolankhula chilichonse. Ndili ndi pempho, koma mundilole ndiyambire patali, chifukwa ndikangolitchula mudzati mng'ono wanu wazungulira mutu.

Mukukumbuka kuti pamene ndinkakwatiwa ndi a Lackson, bambo a Fanny, inu ndi amene munandinena kwambiri. Munati, "Christina, wakopeka ndi nsapato zopolisha. Msilikali ndi mwamuna wa boma, iwe uzingobwereka." Ndinakuyankhani mwano tsiku limenelo, ndipo sindikupepesa. Walira mvula walira matope. Matope ake ndi amene ndikupondawa, koma mwamunayo ndikanamusankhabe.

Chaka chatha anawatumiza ku Mozambique kukalondera njanji yopita ku Nacala. Ine anadzandisiya kuno kwa makolo awo. Ntchito yawo kumeneko, monga anandiuzira pambuyo pake, inali yoyenda pansi patsogolo pa sitima, maso ali pansi, kufunafuna mabomba amene zigawenga zimakwirira m'mbali mwa njanji ndi m'tinjira. Iwo akati pano n'pabwino, anzawo onse amadutsa. Akalakwitsa, palibe wowauza kuti bwerezani.

Anabwera pa tchuthi kumayambiriro kwa mwezi watha. Apongozi aakazi, a Nyamanda, anawagwiragwira manja ndi miyendo ngati akusankha nkhuku pamsika, ndipo ataona kuti zonse zilipo anavina mpaka duku linagwa. Inenso ndinasangalala, ndisaname. Anandibweretsera chitenje, Fanny anamugulira tinsapato tofiira. Koma ine ndine amene ndimagona nawo nyumba imodzi. Munthu amene kale ankaimba mluzu ngakhale posamba anali zii. Pokhala ankafuna khoma kumsana. Tulo analibe. Poyenda maso sankachoka pansi, moti anthu ankawapatsa moni kawiri asanamve. Ndinati n'kutopa, zitha.

M'mawa wina ndinalawirira kusesa pabwalo. Kuno mkamwana, ndiye kuti mtengwa, amaonedwa ndi tsache lake. Mchenga wa kuno ndi woyera, ndipo ukasesa bwino mizere ya tsache imaoneka bwino ngati tsitsi lopesa. Ndinasesa monga anatiphunzitsira amayi, chobwerera m'mbuyo, osasiya ngakhale phazi langa lomwe. Masiku oyambawo a Lackson ankatuluka mochedwa, ana ndi nkhuku zitapondaponda kale, koma tsikulo anatsegula chitseko ine ndikumaliza kumene.

Achemwali, mfuu imene anakuwa sindinaimvepo kwa munthu. Ndisanatembenuke anali atandigwetsa pansi, iwo atandigonera pamwamba, dzanja lawo likukanikiza mutu wanga. Pakamwa panga panamenya mtondo. Ankangoti, "Wasesa ndani? Wasesa ndani pano?" Anali thukuta kamukamu m'mawa wozizira. Atazindikira kuti ndine, anatenga tsache lija n'kulithyola pabondo, kenako anakhala pansi n'kuyamba kulira. Fanny ankalira pakhomo. Ine ndinalavula chidutswa cha dzino, n'kukauza apongozi kuti ndapunthwa pamtondo.

Malo amodzi okha amene mtima wawo umakhala pansi ndi m'bwato. Masana a tsiku lomwelo anabwereka bwato la bambo awo, n'kundiuza kuti ndikwere. Mukudziwa mmene ndimaopera madzi, mwana wa ku Dedza ine, koma ndinakwera. Titafika pakuya anasiya kupalasa.

"Amake Fanny," anatero, "munthu akakwirira bomba sasiya mapazi ake. Amathyola nthambi n'kusesapo. Ndiye ife tikaona pansi pali mapazi a mbuzi, a nkhuku, a ana, timadziwa kuti padutsa zamoyo, n'pabwino. Koma posalala, posesa bwino, pamenepo ndi pa imfa."

"Koma kuno n'kwanu," ndinatero. "Angakwirire bomba pakhomo pa amayi anu ndani?"

"Mutu ukudziwa zimenezo. Miyendo ndi imene sikumva."

Anandipempha kuti ndisauze munthu. Anati zikamveka adzati Lackson wapenga, ntchito idzatha, ndipo m'mudzi ana azidzawaloza. Anati tchuthi chikatha abwerera kunjanji, zinthuzi zikathera komweko. Ndinalonjeza, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinaleka kusesa. Masamba ndi makoko a chinangwa ndinkatola ndi manja, limodzilimodzi, kenako n'kutsegulira nkhuku kuti zipondeponde.

Mmene anandinenera m'mudzi muno! Apongozi aakazi anayamba ndi kundigulira tsache latsopano n'kuliimika pakhomo osanena kanthu. Ndinalibisa kuseri kwa nkhokwe. Kenako anafika poyera, akundiitana Nyaphiri monga amanditchulira kuno. "Nyaphiri, kwanu ku Uchewa amuna akabwera tsache limapita pa holide?" Kudambo kumene timaviika chinangwa, akazi ankati akandiona n'kuyamba kukambirana za uve wa anthu a kumwera, mokweza, m'Chichewa chawo chothyokathyoka kuti ndimve bwino. Wina anapeka ndi nyimbo ya pamtondo. Ine, mwana wa Nachisale, amene ndinakula ndikumenyedwa ndi inu chifukwa cha kachitsotso kamodzi kotsala pabwalo, kunditchula wauve! Magazi ankawira, mawu ankafika pammero, koma ndinkameza. Kwa eni kulibe mkuwe, komanso ndinali nditalonjeza.

Munthu mmodzi yekha sanandinene, apongozi aamuna, ada Killion, poti kuno bambo amati ada. Simunawaone bwino paukwati paja chifukwa salankhulalankhula. Ali mnyamata anamenya nkhondo ya azungu ku Burma. Tsiku lina ndinawaona ataima, akuyang'ana pabwalo panga, kenako akuyang'ana mwana wawo mmene ankayendera. Anayang'ana nthawi yaitali. Madzulo ake ndinawamva akuuza akazi awo kuti, "Mulekeni mkamwana."

Tsopano ndikuuzeni za malipenga, chifukwa kwathu kulibe. Ndi gule wa amuna. Amavala zoyera zokhazokha, kabudula, malaya, masokosi ofika m'mawondo, tayi, chipewa cha nthenga, ndodo m'manja, n'kumaguba ngati asilikali. Kumbuyo kumakhala oimba zikho zolira ngati malipenga, ndi ng'oma yaikulu imene imagunda mpaka m'chifuwa. Gulu lililonse amalitcha boma, ndipo lili ndi Kingi wake, kaputeni, ngakhale dokotala woyendera ukhondo. Akuti anabwera nazo ndi asilikali akale pochokera kunkhondo. Boma la m'mudzi muno dzina lake ndi Kolombo, Kingi wake ndi ada Killion, ndipo a Lackson asanalowe usilikali anali katswiri wake.

Kunamveka kuti boma la ku Kande likubwera kudzapikisana ndi lathu. Anyamata anakondwa. Anati chaka chino tili ndi msilikali weniweni, atitsogolere ndi iyeyo, a ku Kande akagone ndi manyazi. Apongozi aakazi anagwirizana nazo msanga. Iwonso anali ataona kuti mwana wawo sali bwino, koma ankati ndi phukwa chabe. "Ng'oma imudzutsa," ankatero. "Wakula nayo." Ine ndinayesa kuletsa, koma mkamwana wosasesa angamumvere ndani? Ada Killion anangoti, "Avine ngati akufuna." A Lackson eni akewo sakanatha kukana pamaso pa anzawo.

Ndipo kunena zoona, pokonzekera zinkayenda. Ankayeserera kumchenga wa kunyanja, kumene asodzi amapondaponda tsiku lonse. Ndinawaona akudumpha, akuzungulitsa ndodo, tsiku lina mpaka anaseka. Ndinayamba kuganiza kuti mwina apongozi akunena zoona, ine ndi amene ndili ndi mantha opusa. Zoyera zawo ndinazichapa ndi kuzisita ndekha, mtima uli mbee.

Chimene sindinaganizire n'chakuti tsiku la gule bwalo amalikonzera alendo. Ine anandiika kophika, kuseri kwa sukulu, ndiye sindinaone. Akazi a m'mudzi wonse analawirira ndi matsache awo. Anasesa bwalo lonse, lalikulu ngati la mpira, n'kuzunguliza chingwe kuti mwana kapena mbuzi isapondemo mpaka dokotala wa gule uja atayendera ndi maso, eni mudzi n'kulitsegula ndi gule. Mmene ndinkafika, dzuwa lili pamutu, anthu anali atadzaza mbali zonse, atcheyamani a chipani ndi mafumu ali pamipando. Nditasuzumira pakati pa mapewa a anthu ndinaona mchenga uja uli see, mizere ya matsache yokhayokha.

Ng'oma inali itayamba kale. Kolombo anatulukira kumitengo ya mango, mizere iwiri, a Lackson ali patsogolo, wezulo pakamwa. Wovina malipenga sayang'ana pansi, amayenda chibwano chili m'mwamba monyada. N'chifukwa chake analowa atawamasulira chingwe, n'kufika mpaka pakati pa bwalo asanaone. Ndinkapemphera kuti asaweramitse mutu. Koma pali sitepe ina imene amaloza ndodo pansi, ndipo maso anatsatira ndodoyo.

Anaima chilili. Wezulo inagwa pakamwa. Anakweza dzanja n'kukuwa kuti, "Halt!" Mizere yonse iwiri inaima nthawi imodzi, pakuti mawu amenewo ndi a m'gule momwemo. Ng'oma inapitiriza. Iwo anatsika pang'onopang'ono, anagwada, kenako anagona chafufumimba ndi zoyera zawo zija, n'kuyamba kupapasa mchenga ndi nsonga za zala, akuuzira ndi pakamwa, kupapasa, kuuzira.

Achemwali, anyamata aja anaganiza kuti ndi sitepe yatsopano yochokera ku usilikali weniweni. Anayang'anana, wina anagwada, onse anagwada. Anagona pansi m'mizere yawo, n'kuyamba kupapasa mchenga motsatira ng'oma, kumanja, kumanzere, kuuzira. Bwalo lonse linaphulika. Nthungululu, m'manja, amuna kuponya zipewa m'mwamba. A ku Kande ankagwedeza mitu kuti apa tagonja. Atcheyamani anaimirira n'kumaomba m'manja. Apongozi aakazi ankavina m'mbali mwa chingwe akufuula kuti, "Mwana wangu! Mwana wangu!" Pa anthu onse aja, ine ndinkaona nkhope yawo. Misozi inkasakanikirana ndi mchenga, kabudula woyera uja anali atanyowa, ndipo milomo inkangobwereza mawu amodzi: "Jailosi, osasuntha. Jailosi, osasuntha."

Pa gule ameneyu mkazi amaloledwa kulowa m'bwalo kukapukuta thukuta wovina amene wamusangalatsa. Ndinavula patapata, ndinamasula mpango kumutu, n'kudutsa pansi pa chingwe. Anthu anawonjezera nthungululu, amvekere Nyaphiri wanyadira mwamuna wake. Sindinathamange. Ndinadzera pamene panalibe phazi la munthu, molunjika maso awo, ndikuponda mwamphamvu, kukanikiza chidendene kuti phazi lililonse lioneke.

Atandiona anakuwa. "Amake Fanny, imani pomwepo! Mufa!"

Ndinapitirira mpaka ndinafika, n'kugwada pafupi ndi mutu wawo. Ndinawapukuta kumaso. Ndinati, "Bambo a Fanny, tayang'anani kumbuyo kwangaku. Mapazi awo ndi anga. Ndadutsa, ndipo ndili moyo. Dzukani, muziponda momwe ndapondamo."

Anayang'ana mapaziwo, limodzilimodzi, mpaka kuchingwe. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yotani. Kenako anadzuka, anagwira nsonga ya chitenje changa, ine patsogolo iwo pambuyo, phazi lawo m'phazi langa. Ena ankasekabe, poyesa kuti ndi sewero. Tili pakati pa ulendowo ng'oma inaleka mwadzidzidzi. Nditacheuka ndinaona ada Killion ataima pafupi ndi woimba ng'oma, chikhatho chawo chili pachikopa. Zikho nazo zinaleka. Anyamata aja anadzuka mmodzimmodzi, akusasa mchenga, osayang'anana. Tinatuluka m'bwalo muja anthu onse ali chete.

Kunyumba tinakhala anayi kuseri, pansi pa thandala loyanikapo chinangwa. Mpamene a Lackson ananena za Jailosi. Anali mnzawo wa ku Mchinji, ankadya mbale imodzi. Tsiku lina atayenda mtunda wautali anafika pa kasiteshoni kopanda anthu. Panali mtengo wa mango, pansi pake posesa bwino. Nthawi imeneyo anali asanaphunzire kuti posesa bwino ndi pa bomba. A Lackson ataona anakumbuka kwawo, anati pano pali amayi aukhondo, n'kuuza mnzawoyo kuti, "Tsogola ukakhale pamthunzi apo, ine ndikubwera ndi madzi." Jailosi anatsogola. Zotsala zake anazinyamula mu bulangete, ndipo ananyamula ndi iwowo.

"Ndinamutuma ndine," ankatero. "Ndiye ndiyenera kubwerera. Tchuthi chatsala pang'ono. Ndikapanda kupita, anzanga awayang'anira pansi ndani?"

Apongozi aakazi anali ndi maganizo awiri, ndipo onse anali obisa. Poyamba anati abwerere kuntchito akhale chete, mwamuna amapirira. Ataona mmene mwana wawo analili anasintha. Anati amutumize ku Usisya kwa alongo awo, kumene kulibe msewu wabwino, kumafika bwato lokha, akakhale kumeneko mpaka boma limuiwale.

Apa ndiye mkamwa mwanga munatseguka. Ndinalankhula chiimire pamaso pa apongozi aamuna, chinthu chimene kuno n'chosamveka. Ndinati, "Boma siliiwala munthu. Mukawabisa adzawatenga ngati wothawa ntchito, ndipo mukudziwa kumene othawa amapita. Akabwerera kunjanji ali chonchi, mudzalandira bokosi. Munthuyu akudwala, ngati mmene munthu amadwalira chifuwa. Tipite nawo kwa dokotala wa asilikali tikanene zoona."

"Ukufuna mwana wanga akamutsekere ku Zomba pamodzi ndi amisala?" anatero a Nyamanda. "Kuti iwe upeze njira yobwerera kwanu? Ife tinapirira, iwe ndiwe ndani?"

Ndisanayankhe, ada Killion anati, "Nyamanda, muonetseni mwanayu mkono wanu."

Apongozi aakazi ali ndi mkono wamanzere wokhota pamwamba pa chikhatho. Mudzi wonse umadziwa kuti anaterereka pamwala atasenza chinangwa, kalekale a Lackson asanabadwe. Anaubisa m'chitenje n'kuyang'ana kumbali.

"Palibe mwala unathyola mkono umenewo," anatero ada Killion. "Ndine. Ndinali nditangobwera kuchokera ku Burma. Anandidzera kumbuyo ndi madzi osamba, ine sindinawamve. Nthawi yathu kunalibe wotifunsa. Anatipatsa mamendulo n'kutiuza kuti pitani kwanu. Ndinati ndizivina, zidzatha. Ndavina mpaka imvi izi, koma mvula ikagunda amako amadziwa kumene ndimakabisala. Ng'oma imagoneka zinthuzi, siichotsa. Ndinakuona tsiku lomwe unafika, Lackson, ndipo ndinakulola kulowa m'bwalo muja chifukwa ndinkafuna kuti iwe zikuyendere mosiyana ndi ine. Ndinalakwa."

Kenako anawagwira phewa. "Ukuti ukawayang'anire pansi anzako. Munthu woona bomba paliponse, lenilenilo adzaliphonya. Ndipo adzafe si iwe wekha, ndi amene akuponda m'mapazi ako."

A Lackson anawerama. Atadzutsa mutu anayang'ana pakamwa panga, pa dzino lija, kenako mkono wa amayi awo. Anati, "Tipite."

Tinapita ku Mzuzu, kumalo a asilikali, ada Killion atavala jekete ndi mamendulo awo. Ndinkayembekeza kukalipiridwa, mwinanso kumangidwa. Koma dokotala wake anatikhazika pansi, anamvetsera mpaka pamapeto osadula mawu, ndipo anati a Lackson si oyamba kubwera ndi zoterezi kuchokera kunjanji. Anati kunjanji sabwererako panopa, ayenera kukaonedwa ndi madokotala a matenda a maganizo ku Zomba. Ndinafunsa ngati adzachire. Anati ambiri amapezako bwino, koma sangandilonjeze tsiku. Ndinafunsa za ntchito. Anati zimenezo zidzaoneka pambuyo. Sindikudziwa ngati adzavalenso yunifolomu, ndipo mukandifunsa ine, nsapato zopolisha zija ndakhuta nazo.

Pempho langa ndi limeneli tsopano. Tikubwera ku Zomba, ine, iwo ndi apongozi aamuna. Fanny atsala ndi agogo ake. Dokotala walola kuti tiyende tokha ndiponso kuti tifikire kwa abale tisanapite kuchipatala, chifukwa pakakhala ine amagonako pang'ono. Tikwera sitima ya pamadzi ku Nkhata Bay, poti pamadzi palibe angakwirire kanthu, tikatsikira ku Monkey Bay, kenako basi. Ndikuopa pa Liwonde pamene msewu umadutsa njanji, koma ndidzawakhazika pakati n'kuwayambitsa nkhani. Sitima ikapanda kuchedwa tidzafika sabata ya mawa Lachinayi. Iwo akagonekedwa, apongozi adzabwerera, koma ine ndidzafuna pogona kwa nthawi imene sindikuidziwa. Ndikudziwa kuti nyumba yanu ndi yaing'ono ndipo alamu amakonda bata. Koma ndinu akulu anga, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya.

Amalume musawauze. Akamva za dzinoli adzakwera basi yoyamba kudzanditenga, ndipo ine sindikuchoka. Sindikubisirani, achemwali, pali masiku amene ndimawaopa. Pali m'mawa wina umene ndinamanga zovala zanga ndi za Fanny m'chitenje, n'kukhala pamphasa ndikuyang'ana mtolowo mpaka ndinaumasula. Ndimawaopa, komanso ndimawakonda, ndipo zonse ziwirizi zikukhala mumtima umodzi popanda kupatsana malo. Chimene sindikufuna n'chakuti Fanny adzakule akuuza anthu kuti amayi ake anapunthwa pamtondo.

Mukadzaona dzinolo musadzafunse pamaso pawo. Alamu muwauze kuti asadzafunse za kunkhondo, ngakhale mwa nthabwala. Akambe za mpira. Ana asadzawadzere kumbuyo, ndipo aleke kaye masewera ophulitsa mapepala a shuga aja. Mpando wawo mudzauike kukhoma. Kupatula apo ndi a Lackson omwe aja, aulemu, odya pang'ono, ndipo adzakuthandizani kuwaza nkhuni musanawapemphe.

Apongozi aakazi akupereka moni. Sanandipepese, ndipo sindikuyembekeza kuti adzatero. Koma m'mawa wotsatira tsiku la gule lija, ndikutola masamba pabwalo, ndinangoona munthu wawerama pambali panga akutola nawo ndi mkono wawo wokhota uja. Sitinalankhulane. Tsache lawo analikweza padenga, ndipo lili pomwepo mpaka lero. Akutumizirani usipa wouma ndi ufa wa kondowole. Ufawo mulandire ndi manja awiri ngakhale ndikudziwa kuti simudzaudya. Ada Killion akuti yewu chifukwa cholandira alendo amene simunawaitane. Fanny akuti amayi aakulu amutumizire mpira.

A Lackson eni akewo ali pakhonde pamene ndikulemba pano, akusoka ukonde wa bambo awo. Ndawauza kuti ndikulembera inu. Akuti moni, ndipo akuti mukhululuke kuti akubwera ngati katundu. Kenako andifunsa funso limodzi lokha: "Kodi kwa achemwali kuli nkhuku?" Ndawayankha kuti zilipo. Ngati munadya zonse pa Khirisimasi, kabwerekeni kwa aneba, musandichititse bodza.

Chomaliza ndi chimene chikuvuteni kuposa zonse, chifukwa ndimakudziwani. Mukamva kuti alendo ali m'njira mumadzuka kusanache, kusesa kuyambira pakhonde mpaka kumsewu, n'kuwaza madzi, n'kuthamangitsa ana kuti asapondepo. Lachinayi limenelo, achemwali, ndagwira mwendo wanu, tsache likhale m'nyumba. Aneba anene zimene anganene; ine andinena mwezi wathunthu ndipo sindinafe. Nkhuku muzitsegulire m'mawa. Ana muwatulutse azisewera pabwalo tsiku lonse, athamange, ajambule pansi, agwe, adzuke. Inunso muyendepo opanda nsapato, kuchokera pakhomo mpaka pampanda. Akadzafika n'kuyang'ana pansi, adzaone kuti pano padutsa anthu, ndipo onse ali moyo.

Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mng'ono wanu,
Christina.